Matumba Atatu a Mchenga mu Porsche ya a Lyson

Lolemba, 11 Meyi

Shifiti ya m'mawa ku care home, kosamalira okalamba. Msana ngati dzulo. Tram, sitima ya mumsewu ija, yochedwa, kamvula ka chabechabe.

Voice note ya alamu anga a Maurice kuchokera ku Ntcheu. Mphindi khumi ndi imodzi. Zisanu ndi zinayi zoyamba ndi moni, pemphero ndi mtengo wa feteleza. Ziwiri zomaliza ndiye nkhani. Abale akhala pansi, chiliza cha mng'ono wawo, a Lyson amuna anga, chidzavundukulidwa pa 15 Ogasiti. Zabwino zedi. Koma akuti pali kanthu kakang'ono kamene sikanakonzedwe chaka chatha pa maliro. Porsche.

Akuti katundu wa malemu anagawidwa theka. Masuti anapita, nsapato zinapita, wotchi inapita, ngakhale chaja ya foni inapeza mwini wake. Koma galimoto ya mwana wawo ndaibisa ku London.

Mawu awo, ndawamvera katatu: "Mlamu, galimotoyo ikapanda kufika, musavutike n'kugula tikiti. Kumandako simudzapondako."

Zaka 26 m'banja. Miyezi isanu ya khansa ndine ndinkawasambitsa. Ndine ndinaperekeza bokosi pa ndege. Lero ndikufunika viza yolowera kumanda a amuna anga, viza yake ya matayala anayi.

Aitenge. Ndiimangira ndi riboni yomwe.

Lachitatu, 13 Meyi

Ndamuimbira Mwayi ku Ilford. Mwana wanga yekhayo, amamva Chichewa chonse koma kuyankha ndi Chizungu basi. Waseka mpaka kutsamwa. Akuti vuto ndi chithunzi cha bambo ake cha pa WhatsApp, chija anajambula chizindikiro chokha cha pa boneti, kahatchi kakuda kaja. Asuweni ake anafufuza dzinalo pa foni, anaona mitengo ya ma Porsche a osewera mpira, basi mudzi wonse wadziwa kuti ine Brenda ndakhalira mgodi wa golide.

Ndilembe pano kuti mgodiwo ndi wotani, mwina tsiku lina adzandifunsa kukhoti.

Porsche 924, ya 1984. Inali yofiira kale, pano ili ngati tomato wotsala pa msika. Injini ya malita awiri, masilinda anayi, mtundu womwewo umene Ajeremani ankaikanso m'maveni a Volkswagen onyamula mapaipi. Mphamvu ya akavalo 125, ndipo ena mwa akavalowo anafa kalekale. Kagalimoto ka mnzanga wa ku ntchito kogulira ndiwo kangathe kuisiya pa maloboti. Mabuleki a kumbuyo ndi achikale aja a ng'oma. Inapangidwira anthu ofuna dzina la Porsche koma thumba likukana, Porsche yoyambira, ya ife amphawi. Ku chionetsero cha magalimoto akale eni ma 911, aja a injini kumbuyo, sankawapatsa n'komwe moni a Lyson. Iwo ankabwerako akumwetulira, akuti ndi nsanje.

Zonsezi ndikuzidziwa osati chifukwa chofuna. Ndinkazidya ndi chakudya chamadzulo.

Anaigula 2014 kwa mkulu wina wa ku Purley. Inabwera itakwera galimoto inzake. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse anali m'galaja kuseri kwa mafulati. Akazi anzanga amalimbana ndi tiatsikana ta mawigi, ine mkazi mnzanga ankadontha oyilo.

Ndinakweramo kamodzi. 2016, tsiku limene inayamba kuyenda. Njira yonse phunziro: injini ili kutsogolo, giyabokosi ili kumbuyo pakati pa matayala, chimpaipi chachitali chikulumikiza ziwirizi, ndiye kulemera kwagawika bwino, 48 kutsogolo, 52 kumbuyo. Ine eya, eya. Kenako pa maloboti a ku Thornton Heath anandiyang'ana ndi chimwemwe chonse: "Mwaona amai a Mwayi, mukakhala kumanzereku yakhazikika. Chimene chimasowa ndi kulemera kwanuku."

Ndinatsika pomwepo. Ndinakwera basi. Sindinapondemonso.

Loweruka, 16 Meyi

Ndapita kugalaja. Koyamba chibwerere ku maliro. Loko wachita dzimbiri, ndamumenya ndi njerwa.

Fungo. Oyilo, petulo wakale ndi sopo wawo uja wa m'manja wonunkhira malalanje. Ndinayenera kutuluka kaye.

Ndavula chinsalu. Mayi uja, mkazi mnzanga, ali pompo, nyali imodzi ili m'mwamba, ina yatsinzina. Nyali zake zimabisala m'boneti, zimadzuka ukayatsa. Lero imodzi yokha, ngati akundiseka.

Pa mpando wa kumanzere pali matumba atatu a mchenga, osanjikizana bwinobwino, omangidwa lamba. Lamba! Ndiye kuti ankanyamula mapasenjala. Ine ndinkakwera basi m'chisanu, mchenga ukuyenda pa Porsche.

Batire yafa. Ndawaimbira a Zacheus, makanika mnzawo wa a Lyson, wa ku Zimbabwe koma agogo awo anachokera ku Dedza. Abwera Lachinayi.

Lamulungu, 17 Meyi

Tchalitchi ku Peckham. Nkhani yafika kale, sindikudziwa inakwera sitima ya Overground yanji. Amai Kasuba a ku Lusaka andikokera pambali: "Bapaseni chabe motoka, muzafa na BP."

Ndawauza kuti ndi zomwe ndikuchita. Andiyang'ana ngati akhumudwa kuti palibe ndewu.

Lachinayi, 21 Meyi

A Zacheus afika ndi batire ndi chigubu cha petulo watsopano. Maola atatu ali m'boneti, matako okha akuoneka. Akuti petulo wakale wasanduka phala. Galimotoyi ilibe kompyuta, petulo amagawidwa ndi kambale kachitsulo kamene kamakankhidwa ndi mpweya wolowa mu injini, K-Jetronic dzina lake, ndipo kamadana ndi litsiro kuposa matron. Ndawafunsa ngati ku Ntcheu aliko wodziwa kambaleko. Aseka osatsegula pakamwa.

Cha m'ma 4 koloko yalira. Kutsokomola, utsi, kenako phokoso lija ndinkalimva Loweruka lililonse ndikuchapa. Ndinapezeka ndayang'ana kuchitseko.

Ndafunsa mtengo wake weniweni. Akuti ingagulidwe ngati kagalimoto wamba kogwiritsidwa kale ntchito, ndipo sitima ya pamadzi ndi msonkho wa pa boda zidzaposa galimotoyo. Ndagwada ndi msana wangawu kuyeza pansi pake. Chibakera changa chimodzi ndi zala zitatu. Msewu wochoka pa tala kupita kwa a Lyson uli ndi miyala yoposa mutu wa mwana.

Ndatumiza zonsezi kwa a Maurice, ndi zithunzi, kuti mawa asadzati sindinanene. Yankho labwera msanga. Akuti ndisadandaule, adzaikweza kwa owotcherera a pa boma. Akufuna izidzanyamula akwati, yalembedwa kale maukwati awiri a mu Seputembala. Ndawajambulira mipando ya kumbuyo, momwe mungakwane nkhuku ziwiri zogwirizana. Akuti: "Mlamu, musatipusitse. Porsche ndi Porsche."

Chabwino bwana. Mkwatibwi adzalowa ndi diresi lake chokwawa.

Lachisanu, 22 Meyi

Sindinapite ku ntchito, msana. Ndakhala ndi mapepala a galimoto.

M'fayilo muli fomu yodzaza kale, yosainidwa, yosatumiza. Ndakumbuka. Galimoto zakale zautsi zimalipira tsiku lililonse zikayenda mu London muno, ULEZ, koma ikakwana zaka 40 n'kulembetsedwa ngati yakale, imayenda ulere. Yawoyi tsiku lake linali 1 Epulo chaka chatha. A Lyson ankawerenga masiku ngati mwana wodikira Khirisimasi. Ali pa bedi m'chipatala, machubu m'mphuno, ankanenabe za Epulo, kuti tidzapita kunyanja ku Brighton, adzandigulira fish and chips. Ine ndinkati inde, ndidzakupezani komweko pa sitima.

Anamwalira pa 20 Febuluwale. Anatsala ndi masiku 40.

Fomu ina yatsopano inatumizidwa ndi Mwayi miyezi ingapo pambuyo pake, m'dzina langa, ine ndinangosaina osawerenga. Ndiye mayi uja ndi mfulu tsopano. Akhoza kuyenda London yonse. Woyendetsa wake ali pansi pa mulu wa dothi umene ndikuuzidwa kuti sindidzauonanso.

Ndalira. Kenako ndakwiya kuti ndikulirira fomu.

Lachiwiri, 26 Meyi

Zatheka. Sitima ya ku Dar es Salaam, kuchokera pa doko la Tilbury. Galimoto ikafike Lachisanu isanakwane 12 koloko. Mwana wa a Maurice akaitenga ku Dar ndipo akuti akaiyendetsa yekha mpaka ku Ntcheu. Mulungu amuthandize.

A Maurice atumiza zithunzi za manja opemphera zisanu ndi chimodzi. Ndakhalanso "mlamu wathu wokondedwa". Akuti mpando wanga pa mwambo udzakhala kutsogolo.

Wa sitima wanenetsa kuti m'galimoto musakhale katundu aliyense, ngakhale kansalu. Mawa ndikachotsa mchenga wa anthu uja.

Lachitatu, 27 Meyi

Sindikudziwa poyambira.

A Zacheus anabwera kudzaona mabuleki. Ndinawapempha andithandize matumba. Atatembenuza la pamwamba, kumbali imene inatsamira mpando kuli malemba a cholembera chakuda. Dzanja la a Lyson, zilembo zazikulu zija ankalembera pa mabokosi otumiza kumudzi.

BRENDA 1.

La chiwiri, BRENDA 2. La chitatu, BRENDA 3, ndipo pansi pake mndandanda, mzere uliwonse wakale wokhwatchidwa:

2016, 71 kg
2019, 76 kg
2022, 81 kg
2023, 79 kg

Choyamba chimene ndinanena n'chakuti 81 ndi bodza, sindinadutsepo 80. A Zacheus anayang'ana kudenga.

Ndinafunsa kuti chipongwe chimenechi n'cha chiyani. Anakhala pa chitini n'kundifotokozera pang'onopang'ono, Chichewa chawo cha ku mafamu chija chosakaniza ndi Chishona. Akuti galimoto ngati iyi ubwino wake si liwiro, liwiro ilibe. Ubwino wake ndi kukhazikika pokhota. Ndiye anthu oikonda amaikweza pa masikelo anayi, tayala lililonse pa sikelo yake, woyendetsa atakhala pa mpando, n'kumasintha masipuling'i a kutsogolo ndi zitsulo zopotoka za kumbuyo mpaka kulemera kugawike mofanana. Ntchito ya tsiku lathunthu. A Lyson ankabwereka masikelowo kwa iwo, ankakhala kumanja, matumba kumanzere. Sikelo ya kubafa kwathu imasunga manambala, ine sindinkadziwa. Ndikanenepa, ankawonjezera mchenga ndi kapu n'kuyambiranso ntchito yonse.

A Zacheus akuti chaka chilichonse ankawauza kuti mdhara, mumayenda nokha, tiikonzere munthu mmodzi. Yankho linali lomwelo: "Ayi, mwini mpando akubwera. Angokwiya pang'ono."

Pang'ono. Zaka zisanu ndi zinayi.

Pali mzere wina pansi penipeni, wosakhwatcha. Zilembo zonjenjemera. Novembala 2024, 74 kg. Nthawi imeneyo anali atayamba kale mankhwala aja owasanzitsa, ndinkawaletsa ngakhale kutsika masitepe. Sindikudziwa anazemba liti. Pambali pa nambalayo analemba mawu amodzi: sakudya.

Ndinawauza a Zacheus kuti fumbi la mchenga landilowa m'maso. Iwo anati eya, mchenga umenewu ndi wovuta.

Matumba tawaika pakona.

Lachinayi, 28 Meyi

Ntchito. Ndamupatsa gogo wa chipinda 9 tiyi wa gogo wa chipinda 6.

Munthu wanji amene sangathe kunena kuti pepani mkazi wanga, bwera tikwere? Pakamwa anali napo. Pofotokoza za giyabokosi pankatseguka bwinobwino. Koma ayi, bambo a Mwayi anasankha kupepesa kwa mchenga.

Nanga ine? Loweruka lililonse ankaima pakhomo ndi makiyi, ankati akukayesa galimoto pang'ono. Ankachedwa kutseka chitseko. Ndinkadziwa chimene akudikira. Ndinkawonjezera madzi pa mpopi.

Mawa Tilbury. Mapepala ali m'dzina langa, ndiyenera kukasaina ndekha. Ndayang'ana sitima za pamtunda, kusintha kawiri. A Zacheus akuti zamisala, mpando ulipo.

Lachisanu, 29 Meyi

Ndakwera.

Kulowa kwake ngati ukukhala pa mphasa. Ndinakonzekera kuti msana ulira. Sunalire. Mpando wa kumanzere ndi wolimba kumunsi, ndendende pamene pamandipweteka. A Zacheus akuti anausokanso a Lyson, anaikamo siponji ina, wa woyendetsa anausiya wong'ambika.

Phokoso. Kutentha kwa injini m'miyendo. Malole akutidutsa, ine ndikuona manati a matayala awo. Mnyamata wa veni yoyera anatiimbira hutala n'kukweza chala chachikulu, ndinadzigwira ndisanamubwezere.

Pa raundabauti yaikulu tisanalowe mu msewu wa ku Dartford a Zacheus sanachepetse liwiro kwenikweni. Ndinagwira chitseko kudikira kuti tipendekeke. Sitinapendekeke. Inangozungulira, phee, ngati yagwidwa ndi dzanja pansi. Iwo ndi a msinkhu wa a Lyson. Akuti dzulo poiyesa okha opanda matumba inali yosakhazikika, lero ndiye ili m'malo mwake.

Ndili pa 75 masiku ano. Anaphonya ndi kilo imodzi.

Tilbury 11:10. Mzere wa magalimoto opita ku Africa, ambiri ma Toyota a nzeru zawo. Bambo wa jekete lachikasu anabwera ndi pepala ndi chomata cha pa galasi. Anati titsike, tisiye makiyi. A Zacheus anatsika.

Ine ayi.

Bamboyo anagogoda pa windo. Anati madam. Ndinamuyang'ana. Anaitana anzake awiri. Ndinaganiza za mwana wa a Maurice akuigwetsera m'maenje kuchokera ku Dar, za owotcherera a pa boma akudula zitsulo zimene munthu wodwala anagona pansi kuzisintha chifukwa mkazi wake waonda. Ndinaganizanso za chiliza, ndisaname. Mawu a pa mwalawo ndinasankha ndine. Ndikufuna kuwaona ndi maso anga, ndikufuna kukhudza mwalawo. Zonse ziwiri ndinaziona bwinobwino, ndipo lamba sindinamasule.

Kale ndinatsika pamene a Lyson sankafuna kuti nditsike. Lero anthu atatu a majekete achikasu alephera kunditsitsa. Mkazi wa zaka 54, yunifomu m'chikwama, kukakamira mu Porsche ya amphawi pa geti la doko. Amai Kasuba akanasangalala.

A Zacheus analowanso, anandifunsa ndi maso okha. Ndinati tiyeni kunyumba.

Ndalama ya sitima yapita, sabweza. Sindikufuna kuiganiza.

Lamulungu, 31 Meyi

Ndawauza a Maurice dzulo. Sindinatume munthu, ndinaimba ndekha. Ndinati galimoto sibwera, chiliza ndathandiza kumanga ndipo ndipitiriza, koma mpando wa kumanzere uja ndi wanga. Sanamve za mpando. Ananena zambiri, za ufiti zinalimo, za kuti ndinawadyera mng'ono wawo zinalimo. Anamaliza ndi mawu omwe aja a tikiti.

Madzulo andichotsa pa gulu la banja la WhatsApp. Zaka zonsezi ndimadandaula za mauthenga a m'mawa a maluwa ndi mavesi. Lero foni ili zii, ndipo zikundipweteka.

Sindinapite ku tchalitchi.

Mwayi anabwera. Akuti ngati ine sindipita, iyenso sapita. Ndamukalipira. Iye ndi magazi awo, sangamuletse, ndipo bambo ake sangavundukulidwe mwala popanda wa m'nyumba mwawo ngakhale mmodzi. Apita. Akandijambulira. Ndamuuza akawerenge mawuwo mokweza, m'Chichewa, ngakhale lilime lipindike.

Pa 15 Ogasiti ine ndidzakhala kuno. Ndalemba chiganizo chimenechi n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

Lachinayi, 4 Juni

Vuto lina limene mfumukazi ya pa doko sinaliganizire. Layisensi yanga ndi ya otomatiki. Mayi uja ali ndi magiya asanu ndi kilatchi yolimba ngati chitseko cha ndende. Ndataya manda a amuna anga chifukwa cha galimoto imene sindingathe kuitulutsa m'galaja.

Ndalembetsa maphunziro. Mphunzitsi wafunsa kawiri zaka zanga. Ndagula zilembo zofiira za L. A Zacheus akuti azidzandiperekeza Loweruka mpaka nditakhoza, ndipo ndikadzayamba kuyenda ndekha tidzabwereka masikelo, chifukwa ine ndasamukira kumanja, zonse ziyenera kuyambiranso. Anafunsa ngati tidzaikonzere munthu mmodzi.

Ndawayang'ana mpaka apepesa.

Loweruka, 6 Juni

Galaja, m'mawa. Ndekha.

Ndakoka matumba kuchoka pakona, limodzi limodzi, msana ukutukwana. Ndabweretsa sikelo ya kubafa, kazitape uja. A Lyson asanadwale anali 68. Za kumapeto kuja sindikuziwerengera, sanali iwo. Ndachotsa makilo asanu ndi limodzi ndi kapu yawo yomweyo, inali m'thumba lachitatu.

Dzina langa sindinafufute. Ndangotembenuza matumba, ndalemba kumbali inayo. LYSON 1, LYSON 2, LYSON 3. Dzanja langa si lokongola ngati lawo.

Ndawakweza pa mpando wa kumanzere. Ndawamanga lamba. Brighton ndi mamailosi 40 ndi kanthu, Ogasiti 15 ndi Loweruka, ndatsala ndi masabata khumi kuti ndiphunzire kilatchi.

Ndakhala kumanja, pa mpando wong'ambika. Ndaponda kilatchi, ndalowetsa giya yoyamba injini ili chozima, yalira ngati ndathyola china. Ndawauza a Lyson a mchengawo kuti asayerekeze kundiphunzitsa, ndikudziwa kuti giyabokosi ili kumbuyo, akhale chete.

Akhala chete. Koyamba kundimvera.